Mpweya woipa, nyenyezi ndi ng'ombe: mbiri yobisika m'mayina a matenda

Nthawi sinakwane n'komwe 7 koloko, koma mabenchi a pakhonde la chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja adzaza kale. Osowa pokhala atambalala pansi, ena atsamira khoma. Usiku kwagwa mvula, moti matope a kumapazi afika mpaka pakhomo pa adokotala.

Aliyense wafumbata kabuku.

Mayi wina wakulunga kake m'pepala lapulasitiki la shuga kuopa kunyowa. Kumbuyo wabereka mwana wamwamuna, mutu wagwera paphewa, milomo yauma gwa. Itakwana nthawi yawo, mwanayo amubaya pachala, kadontho ka magazi n'kugwera pa kachipangizo koyezera. Patapita mphindi 15, timizere tiwiri taonekera.

"Ndi malungo, mayi," atero adokotala, cholembera chili kale papepala.

Pakamwa anena malungo. M'kabuku alemba malaria.

Mayiyo ayang'ana zolembedwazo kamphindi, atseka kabuku, n'kulunjika pawindo kukalandira mankhwala a LA. Sanafunse kanthu. Ambiri safunsa. Mawu a m'timabukuti amaoneka ngati a anthu ophunzira okhaokha, olemera palilime, ofunika digiri kuti uwatchule.

Chikhalirecho ambiri mwa mawuwa sanabadwire m'kalasi. Anabadwira kudambo, kudoko ndi m'khola la ng'ombe, m'kamwa mwa anthu amene ankaika abale awo m'manda osadziwa chowapha.

Malaria weniweniyo si Chingerezi. Ndi mawu awiri a Chitaliyana, mala aria, kutanthauza mpweya woipa.

Kumwera kwa mzinda wa Rome kunali madambo aakulu otchedwa Pontine. Chaka ndi chaka, kukangoyamba kutentha, anthu a m'midzi yozungulira ankagwa ndi litsipa, kunjenjemera ndi kuphwanya m'thupi. Iwo anaona kuti okhala kufupi ndi madzi odikha ndiwo ankadwala kwambiri. Anaonanso kuti kukada, madambowo ankafuka nkhungu ndi fungo la zowola. Ndiye anangoti fungoli ndilo likutimaliza.

Malo anawaloza molondola, koma wopalamula anamuphonya.

Angerezi anawatola mawuwa m'zaka za m'ma 1700. Mlembi Horace Walpole, ali paulendo ku Italy mu 1740, analembera kwawo za chinthu choopsa cha dzina limeneli chimene chinkafika ku Rome chilimwe chilichonse n'kupha anthu.

Maganizo omwewo ndi amene azungu oyamba anafika nawo kuno ku Malawi. Mu January 1862, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamwalira ndi malungo pomwe Ruo amathira mu Shire, mankhwala ake atamira bwato litagubuduzika. Patangotha miyezi itatu, Mary, mkazi wa David Livingstone, naye anatsikira kulichete ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi.

A mishoni ya Livingstonia anamanga pa Cape Maclear mu 1875. Manda atayamba kuchuluka anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera phiri kupita ku Khondowe, kufunafuna mpweya wabwino. Kumtundako kudwala kunachepadi. Koma chochepetsa chinali china: kumalo ozizira udzudzu suchuluka.

Zoona zake zinayamba kutuluka mu 1880, pamene dokotala wa asilikali a France, Alphonse Laveran, ali ku Constantine m'dziko la Algeria, anaona tizirombo tikugwedezeka m'magazi a wodwala. Pa 20 August 1897, ku Secunderabad m'dziko la India, Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu umene unali utaluma munthu wa malungo. Chaka chotsatira Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy anatsimikiza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndiwo umafalitsa malungo pakati pa anthu.

Mpweya unapezeka wosalakwa. Dzina linatsala.

Ngakhale mankhwala amene anamira ndi bwato la bishopu uja ali ndi dzina loyenda mtunda wautali. Kwinini anachokera ku mawu akuti kina a anthu a mtundu wa Quechua a kumapiri a Andes, kutanthauza khungwa la mtengo. Kwa zaka zambiri odwala ku Ulaya ankamwa khungwa losinja, mpaka mu 1820 pamene Pelletier ndi Caventou a ku Paris anakwanitsa kutulutsa mankhwala enieniwo m'khungwamo.

Pa malungo anthu analoza kudambo. Pa chimfine analoza kumwamba.

Flu ndi chidule cha influenza, Chitaliyananso, ndipo ankatanthauza mphamvu yotsika kuchokera ku nyenyezi n'kulowa mwa anthu. Mliri ukabuka mwadzidzidzi, mzinda wonse n'kugona sabata imodzi, anthu ankati nyenyezi zakhala moipa. Mawuwa anakhazikika m'Chingerezi mu 1743, chimfine choopsa chitayambira ku Italy n'kufalikira mu Ulaya. Nawo mawu akale onena wamisala, lunatic, anachokera ku luna, dzina la mwezi m'Chilatini, poti ankakhulupirira kuti mwezi ndiwo umazunguza mitu.

Amene amanyoza agogo athu kuti ankathamangira kuloza mfiti kapena mizimu munthu akadwala ayenera kuzidziwa zimenezi. Palibe mtundu wa anthu umene unangokhala chete mwana akufa. Onse ankafuna chifukwa, ndipo chikasowa pansi ankachifuna kumwamba.

Vuto ndi loti chifukwa cholakwika chimabala chithandizo cholakwika.

Kuyambira nthawi ya Hippocrates, madokotala a ku Greece ankaphunzitsa kuti m'thupi muli madzi anayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Munthu akadwala ndiye kuti amodzi mwa madziwa achuluka. Ndulu ankaitcha chole, ndipo akatswiri ambiri a mawu amati kolera anachokera pamenepo, poti ankaganiza kuti wotsegula m'mimba ndi kusanza akutaya ndulu. Kukhumudwa kosatha Angerezi amakutcha melancholy, komwe ndi ndulu yakuda basi.

Chiphunzitso chimenechi chinalamulira zachipatala ku Ulaya zaka pafupifupi 2,000, ndipo mankhwala ake otchuka anali kucheka mtsempha kuti magazi ochulukawo atayike. Mu December 1799, George Washington, mtsogoleri woyamba wa America, anadwala pakhosi. Madokotala ake anamukhetsa magazi kangapo tsiku limodzi, ndipo usiku wake anamwalira.

Kolera naye ankamunamizira mpweya woipa. Mu 1854, matendawa atapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London, dokotala John Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa komwe omwalirawo ankatunga madzi. Mayankho ambiri analoza mpope umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mpopewo.

Sinali ndulu, sunali mpweya. Anali madzi osakanikirana ndi zakuchimbudzi.

Phunziro la Snow sitinalimalizebe. Kolera amene anayambira ku Machinga mu March 2022 anafika m'maboma onse a dziko lino ndipo anapha anthu oposa 1,700 asanazilale mu 2023.

Pali mawu ena amene anabadwa chifukwa anthu anachita chanzeru ngakhale sankadziwa chomwe akulimbana nacho.

Pakati pa 1347 ndi 1351, mliri wofala ndi nthata za makoswe unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, mwinanso kuposa apo. Mizinda ya m'mbali mwa nyanja inazindikira kuti imfa ikufika pa zombo zamalonda. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, unalamula kuti ochokera kumadera a mliri ayambe akhala kwaokha masiku 30 asanalowe mumzinda. Pambuyo pake masikuwo anakwera kufika pa 40, omwe m'Chitaliyana ndi quaranta.

Apo ndi pamene panachokera quarantine.

Mu 1423 mzinda wa Venice unapatula chilumba chathunthu kuti chikhale cha odwala mliri. Amalinyero ankaona nyumba zawo chapatali, katundu akuwonongeka m'chombo, iwo akuwerenga masiku.

Ululu wa kubindikiritsidwa sunasinthe. Mu May 2020, Covid-19 atangofika kumene, anthu mazana obwera pa mabasi kuchokera ku South Africa anawasunga pa Kamuzu Stadium mu Blantyre podikira zotsatira za kuyezedwa. Ambiri anathawapo, akudandaula ndi momwe ankasungidwira.

Koma mawu amene ali ndi mbiri yokoma kuposa onse ndi vaccine. M'kati mwake muli ng'ombe.

Vacca ndi ng'ombe yaikazi m'Chilatini. Kumidzi ya ku Gloucestershire, ku England, alimi ankadziwa kale kuti atsikana okama mkaka amene anatengako tizilonda ta kumawere a ng'ombe sankagwidwa ndi nthomba, matenda omwe ankapha ndi kusiya zipsera kumaso. Dokotala wa m'mudzi wa Berkeley, Edward Jenner, sanainyoze nkhani ya alimiyi.

Pa 14 May 1796 anatenga mafinya pa chilonda cha padzanja la Sarah Nelmes, wokama mkaka, amene anachitenga kwa ng'ombe yotchedwa Blossom. Anatema pamkono pa James Phipps, mnyamata wa zaka 8, n'kupakapo mafinyawo. Mwanayo anatentha thupi masiku ochepa, n'kuchira. Patapita milungu ingapo Jenner anamuika nthomba yeniyeni. Sanadwale.

Lero palibe komiti imene ingalole kuyesa koteroko pa mwana, ndipo n'koyenera kutero. Koma apo ndi pamene njira inatsegukira. Mu 1881 Louis Pasteur wa ku France anapempha kuti, polemekeza Jenner, dzina la ng'ombelo ligwire ntchito pa mankhwala onse oteteza munthu asanadwale. Womaliza kutenga nthomba mwachilengedwe anali Ali Maow Maalin wa ku Merca, Somalia, mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthomba yatheratu padziko.

Angerezi anakumbukira ng'ombe. Ife tinakumbukira dzanja la wotema. Katemera ndi mwana wa kutemera, monga amatemera mphini, ndipo ndi momwedi katemera wa nthomba ankaperekedwera: kukanda khungu, osati kubaya mkati.

Luso lotemera nthomba Afirika analidziwa Jenner asanabadwe. Ku Boston, kapolo wochokera ku Africa amene anapatsidwa dzina loti Onesimus anafotokozera mbusa Cotton Mather kuti kwawo ankatema munthu wabwinobwino n'kumupaka mafinya a wodwala nthomba kuti adwale pang'ono n'kutetezeka. Njirayi anaiyesa nthomba itabuka mumzindawo mu 1721, ndipo mwa otemeredwa anafa ochepa kwambiri poyerekeza ndi ena.

Pa 23 April 2019, dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka kwa ana katemera wa malungo wa RTS,S, kenako Ghana ndi Kenya. Nyuzi za Chingerezi zinalemba kuti malaria vaccine. Dambo la ku Rome ndi khola la ku Berkeley zinakumana mumzere umodzi.

Mayina ena ndi ongofotokoza zomwe maso anaona. Khansa ndi nkhanu: madokotala a ku Greece anaona chotupa cholimba pabere, mitsempha itatambasuka mbali zonse ngati miyendo ya nkhanu, n'kuchitcha karkinos, ndipo Aroma anati cancer. Diabetes ndi paipi yongodutsa madzi, poti wodwala amamwa n'kukodza, kumwa n'kukodza. M'zaka za m'ma 1670 dokotala Thomas Willis wa ku England analawa mkodzo wa odwalawa n'kupeza kuti ndi wotsekemera, ndipo dzinalo linawonjezeredwa mellitus, kunena uchi. Asing'anga a ku India anali atazindikira kalekale poona nyerere zikuunjirira mkodzowo. Ife timangoti shuga, ndipo tanena zomwezo.

Bacteria ndi tindodo. Virus ndi ululu kapena poizoni. Corona ndi chisoti chachifumu, chifukwa cha timinga tozungulira kachirombo kotchedwa dzinali.

Mawu amene tinabwereka n'kuwasandutsa athu nawonso ali ndi zawo. Chipatala ndi hospital, kuchokera ku hospes, mlendo. Zipatala zoyamba ku Ulaya zinali nyumba za ansembe ndi asisitere zolandirira apaulendo, amphawi ndi odwala, n'chifukwa chake hotela ndi chipatala ndi pachibale. Nesi poyamba anali mayi woyamwitsa mwana wa mwini. Ambulansi inachokera ku mawu a Chifalansa onena chipatala choyenda, ndipo m'zaka za m'ma 1790 dokotala wa asilikali Dominique Jean Larrey anakonza ngolo zothamanga, zokokedwa ndi akavalo, zotola ovulala nkhondo ili mkati.

Nanga dokotala? Docere, kuphunzitsa. Dokotala ndi mphunzitsi.

Tanthauzo limeneli ndi limene likutipulumuka. Wachipatala amene panja pakumudikira mzere wofika kumsewu sapeza mphindi zofotokozera wodwala chomwe walemba, ndipo sitingamuweruze yekha pa zimenezo. Komabe munthu amene watuluka ndi mapiritsi m'manja koma osadziwa dzina la matenda ake, chiyambi chake ndi chifukwa chomalizira mankhwala onse, wathandizidwa theka.

Dzina likhozanso kupweteka.

Chindoko chitabuka ku Ulaya cha m'ma 1495, Ataliyana anachitcha matenda a Afalansa, Afalansa n'kuchitcha matenda a ku Naples. Aliyense ankakankhira mnzake. Dzina loti syphilis linachokera mu ndakatulo ya dokotala Girolamo Fracastoro ya mu 1530, momwe mbusa wa ziweto wongopeka, Syphilus, analangidwa ndi matendawa.

Chimfine cha mu 1918, chimene akuti chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, mpaka lero chimatchulidwa ndi dzina la Spain. Sichinayambire kumeneko. Dziko la Spain silinali pankhondo, choncho nyuzi zake zinkalemba za mliriwo momasuka pamene mayiko omenyana ankabisa.

Hysteria anachokera ku hystera, chiberekero. Kwa zaka mazanamazana mayi wodandaula za ululu umene dokotala sanaumvetse ankangouzidwa kuti chiberekero chake ndicho chikumusokoneza, n'kubwezedwa kunyumba.

Edzi nayo inayamba ndi dzina loipa. Mu 1982 ena ku America ankaitcha GRID, dzina loimangirira pa amuna ogonana ndi amuna anzawo, ngati kuti ena onse sizikuwakhudza. Pofika September chaka chomwecho akuluakulu a zaumoyo kumeneko anali atayamba kulemba AIDS. Kuno wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo nafe tinazemba kutchula: matenda a boma, kachirombo, zomwezi.

Mu 1976, matenda okhetsa magazi atabuka pamudzi wa Yambuku ku Zaire, asayansi anakumbukira momwe tauni ya Lassa ku Nigeria inadetsedwera dzina chifukwa cha matenda a mu 1969. Anasankha kutchula mtsinje wa Ebola, womwe uli patali ndithu ndi mudziwo. Mu 2015 WHO inaika malangizo oti matenda atsopano asamatchulidwe ndi dzina la malo, munthu kapena nyama. N'chifukwa chake pa 11 February 2020 tinamva za Covid-19, ndipo mu November 2022 monkeypox anasinthidwa kukhala mpox.

Si mawu onse a m'mabuku a zachipatala amene anachokera ku Ulaya. Chikungunya ndi Chimakonde cha kumwera kwa Tanzania, komwe matendawa anabuka mu 1952, ndipo amanena za kupindika kwa munthu amene mfundo zikumuwawa.

Ndiye pali kwashiorkor, dzina limene linabutsa mkangano wokhudza Zomba.

Cicely Williams, dokotala wobadwira ku Jamaica, anafika ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, mu 1929. Ku Accra ankalandira ana otupa miyendo ndi nkhope, tsitsi litafiira, khungu likusupuka, osafuna kudya kapena kusewera. Ambiri ankafa. M'mabuku amene anaphunzira munalibe matenda oterowo.

M'malo mongolemba zakezake, anafunsa anamwino ndi amayi a kumeneko. Iwo anali nalo kale dzina m'chiyankhulo cha Ga: kwashiorkor, matenda amene mwana amadwala akalandidwa bere chifukwa kwabwera mng'ono wake.

Amayi athu akamachenjeza mtsikana za kutumbiza amanena zomwezo.

Williams anaona kuti anawa akachoka kubere ankangodya phala la chimanga lokhalokha, ndipo akawapatsa mkaka ena ankachira. Analemba za matendawa mu 1933, ndipo mu 1935 anaika dzina la Chiga lija m'magazini ya zachipatala ya The Lancet.

Amene anamutsutsa kwambiri anali Hugh Stannus, dokotala amene anagwirapo ntchito ku Nyasaland ndipo anatchuka polemba mu 1912 za matenda a pellagra pakati pa akaidi a kundende ya Zomba. Pellagra ndi Chitaliyananso, pelle agra, khungu lokhakhala, matenda a alimi osauka odalira chimanga chokha, obwera chifukwa chosowa vitamini B3. Ndi matenda enieni ndipo tawaona kuno: mu 1990 anagwira anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'dziko muno.

Stannus anaumirira kuti ana a Williams anali ndi pellagra yomweyo, osati matenda atsopano. Ku London mawu ake anali ndi mphamvu. Mu 1936 boma la atsamunda linasamutsira Williams ku Malaya.

Nthawi inaweruza mokomera amayi a ku Accra. Mu 1948 Williams anasankhidwa kukhala mkulu woyamba wa nthambi ya umoyo wa amayi ndi ana ku WHO, ndipo mu 1952 lipoti la John Brock ndi Marcel Autret, amene anayendera mayiko angapo a mu Africa m'malo mwa WHO ndi FAO, linavomereza kwashiorkor ngati matenda apaokha, ndi dzina lake lomwelo.

Chimene chimachititsa kuti mwana wina atupe pamene mnzake wodya mbale imodzi sakutupa, asayansi akuchifufuzabe, ndipo gawo lalikulu la kafukufukuyu lachitikira kuno. Mu 2013 magazini ya Science inasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anatsatira mapasa awiriawiri okwana 317 a m'midzi ya kumwera kwa Malawi kufikira atakwana zaka zitatu. M'mabanja ena mmodzi anadwala kwashiorkor, mnzake ayi. Ofufuzawo atatenga tizirombo ta m'matumbo a mwana wodwala n'kutiika mu mbewa zimene ankazidyetsa chakudya chonga cha m'midzimo, mbewazo zinawonda kwambiri, pamene zolandira tizirombo ta mwana wathanzi sizinatero.